Bizinesi Yanga ya Kapinga

Lolemba
Kampani ya boma aigulitsa, ife atitaya. Zaka zonse zija ndili kalaliki, chomwe ndatuluka nacho ndi makina otchetchera kapinga a pa ofesi. Akuti masiku ano aliyense adziimire payekha. Chabwino! Kuyambira lero ndine manijala. Kasitomala alipo kale: madamu ena a kumayadi ku Kabulonga, mwana wawo ali ndi phwando la ukwati Loweruka masana. Ndikawametera bwino, msewu wonsewo ndi wanga.

Ndikupukuta makina, ndikuona kabowo pa chotsekera cha thanki. Mmene wadulira petulomu, azithawira pamenepo? Ndamatapo phula la kandulo. Kusasamala kotereku n'kumene kunagwetsa kampani.

Lachiwiri
Kukoka chingwe kamodzi kokha, injini yalira! Kwathu kuno ku Chelstone aliyense wamva. Kufika pa mtengo wa mapeyala wa pabwalo pathu, yatsokomola, zii. Ndatsegula thanki, petulo alimo. Ndatseka zolimba. Yaliranso, yazimanso pa mtengo womwewo.

Mkazi wanga, amake Mwila: "Ba manijala, kampani yayamba kale sitalaka?"

Lachitatu
Amene ndikuwakayikira:
pulagi, ndaipala ndi mpeni;
sefa ya mpweya, ndaichapa ndi sopo wa mbale;
petulo wa m'zigubu, mwina anasakaniza ndi palafini;
ba Mulenga, neba wanga, amene sakuchoka pa mpanda.

Ba Mulenga andipatsa moni wachikwawo: "Shani ba neba, nioneko?" Aone chiyani munthu wokonza njinga? Ine ndinali ndi ofesi yanga, ndi kiyi yake!

Lachinayi
Kabureta ndaimasula yonse, tizitsulo mbwee pa chitenje cha amake Mwila. Pobwezera, tisikuluwu tiwiri tatsala. Azungu amakonda kuikamo zosafunika. Tsopano kulira ikuchita kunyengereredwa, koma kuzima sikuchedwa. Phewa likuwawa. Mantha andigwira, kunena zoona.

Lachisanu
Amake Mwila abwera ndi abusa. Injini aidzoza mafuta ophikira. "Mzimu wozimitsa, tuluka!" Yalira mpaka pa Ameni wachiwiri. Abusa akuti vuto lili mu mtengo wa mapeyala, muli chinthu. Mtengo tadula. Tsopano ikuzimira pa chitsa.

Uthenga wa ku Kabulonga: mawa m'mamawa, apo ayi aitana wina.

Loweruka
Minibasi ziwiri, tayi pakhosi, chikwakwa chokulunga m'nyuzipepala kukhwapa. Mlonda wa pa geti wandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Madamu anakamba mashini, osati chikwakwa." Geti gwa!

Kufika kunyumba, ndawakankhira ba Mulenga chimakinacho, ndi tisikuluwu take tomwe. Tengani ndakupatsani, mukapangire mbaula!

Lamulungu
Tikuchokera ku tchalitchi, ndikumva injini. Ndikudikira kuti izime. Siikuzima. Ba Mulenga akutchetcha pabwalo pawo, mluzu pakamwa.

"Ba neba, kunalibe vuto! Chitsiru china chinamata kabowo ka mphepo na kandulo, thanki sinali kupuma. Nalasako chabe na singano. Bantu ba mu boma, awe mwandi!"

Ndavomera kuti anthu a m'boma ndi zitsiru zedi. Amake Mwila ayang'ana ine, ayang'ana kandulo wa pa windo.

Ba Mulenga apeza kale nyumba zitatu ku Woodlands. Akuti akufuna munthu woti aziwola udzu pambuyo pawo. Tayi ndaipachika pa msomali. Mawa ndilawirira, ba manijala sakonda anthu ochedwa.