Manzere, Manzere, Manja

Mpaka lero apongozi anga aamuna akandiona amayamba agwira chibwano asanayankhe moni. Wolakwa ndi dzanja langa lamanjali.

Nthawi imeneyo matipate anali atangolowa kumene, ine ndikugwira ntchito pabala ya hotela ina ku Senga Bay. Mlendo wina wokonda nkhonya anandiphunzitsa kaponyedwe kake: lamanzere kawiri kuti mdani aphethire, kenako lamanja lamphamvu pachibwano. Anati poyeserera ndizitchula mokweza kuti thupi lizolowere. Ndinamangirira thumba la mchenga mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba, m'mawa uliwonse n'kumalikuntha ndikufuula, "Manzere, manzere, manja!" (Anansi anayamba kufunsa mkazi wanga ngati mutu wanga ukuyenda bwino.)

Lamlungu lina apongozi anabwera kuchokera ku Chitala kudzaona zidzukulu. Kunabweranso mlamu wanga, msodzi wa ku Mbenji, munthu woyabwa pakamwa. Titakhala pakhonde tinayamba bwinobwino za chambo, n'kutsetserekera ku za zipani. Iye anati ife a kuhotela timavotera aliyense amene watimwetulira. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinaimirira n'kumuuza kuti atsikire pabwalo.

Mkazi wanga anandinong'oneza kuti bambo ake ali pomwepo, ndisamuchititse manyazi. Sindinamve.

Pabwalo ndinaima monga anandiphunzitsira, phazi lamanzere kutsogolo. Koma pakamwa panga panachita zimene panazolowera. "Manzere!" Mlamu anapendekera uku. "Manzere!" Anapendekera uko. "Manja!" Munthu wauzidwa kale, angadikirenso? Anangonyonyomala. Kumbuyo kwake kunali apongozi, akubwera kudzaleretsa, chipewa chili m'manja.

Nkhonya ija inali yabwino, ndisaname. Sindinaponyepo ina yoposa imeneyo.

Titawadzutsa anakhala pamchenga, kulavula, n'kufunsa motsitsa, "Apongozi, kodi mwana wanga mumamusunga chonchi?"

Ndinayesa kufotokoza kuti nkhonyayo sinali yawo. Zinangoipiraipira.

Tsiku lomwelo mkazi wanga anapita nawo ku Chitala, ndi ana omwe. Anabwerera chimanga chitacha, ankhoswe atalankhula mpaka kusasa mawu, mbuzi yanga itatsala komweko. Thumba lija ndinalidula, mchenga n'kuubwezera kunyanja.

Manyazi sanandithere, ndipo nkhalamba ija sinandilakwire kanthu. Komabe ndikakhala pansi n'kuganiza bwino, ndimaona kuti ndikanangotseka pakamwa, mlamu uja akanagwa.