Ufa pa Galimoto ya Tadala

Nkhani iyi sindinauzepo munthu yonse, ngakhale abusa athu a ku North York. Amene analipo tsiku limenelo amadziwa mbali imodzi yokha. Mbali inayo ndakhala nayo ndekha zaka zitatu.

Mdzukulu wanga Tadala, mwana wa mwana wanga Esinati, anabadwira kuno ku Canada. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi analowa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse wa timagalimoto tothamanga ta mpando umodzi, topanda denga tija, tolira ngati mavu. (Ine ndinayendetsa lole zaka makumi awiri, koma galimoto yokwera chogona ndinaionera kuno.) Chaka chimenecho anayambira kumbuyo, n'kumakwera pang'onopang'ono. Pofika mpikisano womaliza ankangofunika kumaliza wachitatu kuti akhale m'gulu la atatu oyambirira a chaka chonse. Atatu amenewo ndi amene matimu akuluakulu amawaitana kukawayesa.

Tsono ndikuuzeni za ufa. Kwathu ku Dedza munthu akapambana timamuthira ufa kumutu. Esinati atasankhidwa kupita ku sekondale, malemu mkazi wanga anatuluka ndi lichero la ufa akululutira. Ine nthawi imeneyo kuwerenga sindinkadziwa. Sukulu ya kwacha ndinailowa ndili ndi zaka makumi anayi. Anandipatsa kalata yomuitanira kusukuluko, ndinaigwira mozondotsa, anthu anaseka. Chifukwa cha manyazi ndinalanda licherolo n'kukalipa kuti ufa si woseweretsa. Mwana anapita kusukulu osathiridwa ufa. Iye sanandikumbutsepo, koma ine sindinaiwale.

Choncho tsiku la mpikisano ndinatapa ufa woyera m'pepala la shuga, n'kubisa m'thumba la jasi.

Titafika kubwalo, Esinati anauza mwamuna wake kuti, "Bambo a Tadala, muwayang'anire adadi, asasochere." Mkamwini wangayo, a Zulu, ndi wa ku Chipata, munthu waulemu woti kundiyang'ana m'maso sangathe.

Kunali kamvula kowaza. Tadala anayamba ali wachisanu. Wina anaterereka n'kukalowa m'kapinga, ndipo atatsala pang'ono kumaliza, mwanayo anapitirira mnzake pakona. Wachitatu! Ndinayesa nthungululu ndi mawu anga achimunawa, mpaka mzungu amene anali pambali panga anandipatsa madzi poganiza kuti ndatsamwa.

"Apongozi, nkhalani pamene apa, nibwela manje manje," anatero a Zulu, foni ili kukhutu, akuuza abale awo ku Lusaka. Atangotembenuka, ine uyo.

Magalimoto akamaliza amawaimika pamalo otchingidwa ndi chingwe. Pachingwepo panali chikwangwani. Apa ndi pamene pali mbali yanga ija. Anthu onse amadziwa kuti chikwangwanicho sindinachione. Ndinachiona. Ndinaima, ndinavala magalasi, ndinawerenga liwu ndi liwu milomo ikuyenda, monga anatiphunzitsira ku kwacha. Chinkati aliyense asalowe, ndipo asakhudze galimoto kapena woyendetsa mpaka atawayeza pa sikelo. Ndinamva zonse bwinobwino. Koma ndinati mumtima, malamulo otere amalembera akuba, osati agogo ake a mwana.

Ndinawerama n'kudutsa pansi pa chingwe. (Bondo limene limandikaniza kugwada kutchalitchi, tsiku limenelo silinadandaule.) Tadala anali atangovula chisoti, mwendo umodzi ukadali m'galimoto. Ndinang'amba pepala lija n'kukhuthula.

Kumudzi ufa timathira padzuwa, pamutu pouma. Apa kunali mphepo ndi mvula. Ufa wina unagwera pamutu, wambiri unalowa pampando, m'mapazi ndi pa injini, ndipo pompopompo unasanduka phala.

"Agogo, ayi! Musa... don't touch!" anakuwa Tadala. Chichewa chimamuthawa akadzidzimuka.

Mnyamata wina wovala zofiira anathamanga ndi chozimitsira moto poganiza kuti ndi utsi. Wina ankakuwa pa wailesi yam'manja kuti pali nkhalamba imene yamwaza zinthu zoyera zosadziwika. Mayi wina wamkulu wa mpikisanowo anavala magolovesi n'kutola pepala lija ndi zala ziwiri. Anandifunsa kuti n'chiyani. Ndinayankha kuti n'chakudya, ndipo pofuna kumutsimikizira ndinakanda pang'ono pamphuno ya galimoto n'kunyambita. Ndiye kuti ndaikhudzanso kachiwiri, iye akuona.

A Zulu anafika ali wefuwefu, n'kuyamba kufotokoza za mwambo wathu, manja ali kumbuyo ngati mwana wasukulu. Mayi uja anamvetsera mwaulemu, anati ndi mwambo wokongola, kenako anakalowa m'chipinda ndi anzake. Patatha ola limodzi anamata pepala pakhomo. Galimoto ndi woyendetsa sakanayezedwanso monga anamalizira, choncho Tadala anachotsedwa pa mpikisano wa tsikulo. Pa chaka chonse anatsikira pa nambala yachisanu. Matimu aja sanamuitane.

Tinanyamuka kubwerera kunyumba ku Markham. Tili pakati pa msewu waukulu, Esinati anaphulika.

"Ndinakuuzani chiyani ine? Munthu wamkulu woti Chingerezi amachita kufufuza, inu n'kumusiya yekha chifukwa cha foni?"

"Nalakwa ndine," anatero a Zulu. "Apongozi sanaone cikwangwani."

Esinati anacheuka. "Si choncho, adadi?"

Kale ndinachita manyazi chifukwa chosadziwa kuwerenga. Tsiku limenelo ndinabisala kumbuyo kwa umbuli womwewo.

"Sindinachione," ndinatero.

Tadala anali pambali panga, phala litauma m'tsitsi, akuyang'ana pawindo. Potsika anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Musadandaule, agogo." Bola akanandilalatira.

M'mawa mwake ndinatenga ndowa, nsanza ndi mswachi wanga wakale, n'kukwera basi kupita ku galaja ya timu yawo. Ndinkati ndifike ndisanaonedwe, koma ndinapeza Tadala ali kale pamenepo, atakhala pansi, akukokota phala ndi kamtengo. Anandiyang'ana, anayang'ana mswachiwo, kenako anasendera.

"Uko, agogo," anatero akuloza kumapazi. "Kwauma kwambiri."

Ndinagwada n'kulowetsa mutu m'kagalimoto kaja. Ndili momwemo, pomwe sakanandiona nkhope, ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zoona. Mawu amene anatuluka ndi akuti, "Ufa wabwino uwu. Mgaiwa sugwira chonchi."

Sanaseke. Anandipatsira madzi, ndipo tinapala mpaka masana.