Chitseko cha Kumanzere cha Galimoto ya Abambo

Lolemba

Adokotala akuti sabata yamawa abambo tikawagoneke m'chipatala. Za kutuluka sananene.

Abambo apempha chinthu chimodzi. Akufuna Lamulungu apite ku tchalitchi pa Ulongwe pa galimoto yawo, denga litapindidwa, anthu awaone. Chidwalire sitiroko mawu awo amatuluka movutikira, koma izi zokha zamveka bwinobwino.

Galimotoyo ndi yakale kuposa ine. Yobiriwira, ya mipando iwiri, yaifupi moti ukakhalamo matako amatsala pang'ono kukhula msewu. Anaigula kwa mzungu wa pa esiteti ya fodya pomwe ankagwira ntchito ya udalaivala. Chimwalirire amayi yangokhala m'chisakasa.

Ndachotsa lona. Nkhuku zinasamukiramo kalekale. Ndabwereka batire kwa Che Jafali, makaniko wa pa Ulongwe. Injini yatsokomola, yatsokomolanso, kenako yalira.

Vuto ndi limodzi. Bolodi la mkati mwa chitseko cha kumanzere, lokutidwa ndi chikopa chakuda, silikugwira. Ukangotseka chitseko limagwera pa miyendo ya wokwera. Wokwerayo ndi abambo, ndipo mwendo umene unafa ndi wa kumanzere womwewo. Likawatema sangamve n'komwe. Timakilipi tomwe timagwiriza bolodi ku chitseko tinadyeka ndi dzimbiri, katsala kamodzi.

Zofunika:
- timakilipi
- petulo
- kukolopa zitosi

Ine ndine telala. Kulumikiza chinthu ndi chinzake ndiyo ntchito yanga. Mawa ndithana nazo.

Lachiwiri

Ndikuyenda ndi kakilipi kotsala kaja m'thumba la shati. Kachitsulo kopindika ngati mbedza.

Che Jafali akatembenuza m'manja nthawi yaitali. "Izi anasiya kupanga ine ndisanapite ku jando."

Wa hadiweya akuti ndiyese ku Liwonde. Ku Liwonde akuti ndiyese ku Balaka. Wina akufunsa ngati n'kotchera mbewa.

Kunyumba achemwali, omwe akusamalira abambo, sakufuna kumva za galimoto. "Achimwene, muwakweze pa kabaza. Mulungu sayang'ana chokwera."

Abambo phala angolawa. Afunsa ngati ndatsuka matayala.

Lachitatu

Balaka. Kutentha, fumbi, minibasi yodzaza matumba a thonje.

Kuseri kwa msika, komwe amaphwasulirako magalimoto akufa, bambo wina wandizulira timakilipi ta pulasitiki pa chitseko cha minibasi yopanda matayala. "Kilipi ndi kilipi, bwana."

Kilipi si kilipi.

Timeneti n'tonenepa, mabowo a chitseko ndi aang'ono. Ndakankha ndi chala. Ndakankha ndi chogwirira cha sizasi. Kenako ndatenga hamala.

Bolodi lang'aluka pakona, ndipo m'katimo mukutuluka dothi lofiira. Chiswe! Chinadya mkati monse. Chikopa chokha ndicho chikuligwira kuti lizioneka ngati bolodi.

Kakilipi kakale kaja ndakaiwala ku Balaka, pa tebulo la bambo uja.

Lachinayi

Nzeru yatsopano: misomali yopota ija, masikuluu. Ndabwereka chiboolera kwa kalipentala.

Yoyamba yagwira. Yachiwiri yagwira. Mtima wayamba kukhala pansi. Yachitatu yalowa molimba, ine n'kumati ndiko kugwira bwino kumeneko.

Ndapukusa handulo kuti ndiyese windo. Galasi latsika pang'ono, laima, kenako lathawira m'kati mwa chitseko ndi phokoso lomwe sindikufuna kulimvanso. Ndikagwedeza chitseko chikulira ngati maseche.

Zomwe zilipo tsopano:
- bolodi long'aluka, lolendewera mbali imodzi
- handulo yozungulira popanda ntchito
- windo palibe

Abambo anali pakhonde, amva zonse. Angoyang'ana kumunda.

Masana achemwali atulutsa suti ya abambo kuti tiwayese. Akusowamo. Ndabweza thalauza m'chiuno, ndabweza jekete m'mapewa. Ntchito imeneyi yokha ndiyo yayenda bwino sabata ino.

Lachisanu

Che Jafali abwera kudzaona. Azungulira galimoto, apukusa mutu. Akuti, "Musiye zoboola. Ikani guluu wa nsapato, wambiri, kenako mutsamiritse cholemera."

Ndapaka wambiri. Ndatseka chitseko, ndatsamiritsa thumba la makaka pa mpando.

Madzulo bolodi lagwira. Lagwiradi, ngakhale kulimenya ndi chibakera silikusuntha.

Chitseko nachonso chagwira. Guluu wayenderera mpaka mu loko. Ndakoka kunja, ndakankha mkati, ndaponda ndi mapazi onse awiri. Palibe.

Munthu wamphamvu angathe kudumpha pamwamba, poti denga limapinda. Abambo sangathe kukweza ngakhale kapu.

Lero atsamwa ndi madzi, maso mpaka kufiira. Achemwali ndawapeza kuseri kwa nkhokwe, akupukuta nkhope ndi chitenje. Akuti ndi utsi. Moto sunali woyaka.

Loweruka

Nkhani yafika kale ku tchalitchi. Amayi ena a kwaya adutsa, akuti atisungira malo oimikapo galimoto pakhomo penipeni.

Che Jafali abweranso ndi chitsulo chochotsera matayala. Atatu tikukoka, ine, iwo ndi achemwali, chitseko chatseguka. Loko wathyoka. Bolodi laduka pakati, theka lili pansi, theka lamatirira pa chitseko.

Tsopano chitseko sichikutsekeka. Ndachimanga ndi mphira wa njinga.

Ndati ndiyese kaye ndekha mpaka ku msewu. Sindinayendetsepo galimoto kwa nthawi yaitali, koma kuyenda ikuyenda, ndipo mphepo yake ndi yokoma. Kwa kanthawi ndamvetsa chomwe abambo akufuna.

Pa dzenje loyamba mphira waduka, chitseko chatseguka. Ndatambasula dzanja kuti ndichigwire, chiongolero chapita kwake. Ndatsikira m'ngalande ya m'mbali mwa munda wa aneba.

Ine sindinavulale. Tayala la kutsogolo likuyang'ana ku Mangochi, linzake ku Liwonde.

Taikoka ndi ng'ombe. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera. Palibe amene waseka mokweza, ndipo zimenezo ndizo zandipweteka kwambiri.

Achemwali andipatsa madzi osamba.

Lamulungu

Sitikupita.

M'mawa ndagwada pafupi ndi mphasa ya abambo kuti ndiwauze. Sanandilole kumaliza. Akuti tiwaveke suti basi.

Tawaveka. Ine ndi achemwali tawanyamula mpaka ku chisakasa. Sakulemera. Tawakhazika pa mpando wa kumanzere, mwendo wakufa ndauika m'kati ndi manja anga. Ndapinda denga, ndakhala pa chiongolero, ndaliza injini. Galimoto ikunjenjemera pamalo amodzi, mphuno italoza khoma la bafa.

Abambo aloza theka la bolodi lomwe linali pansi. Achemwali awapatsira. Aliika pa maondo, akusisita chikopacho ndi dzanja lomwe likugwira ntchito.

Ayankhula pang'onopang'ono, ine ndikuwerama kuti ndimve. "Mwavutika chabe. Ili linkagwa ndikuigula komwe. Amayi anu ankalitsekereza ndi bondo. Kuchoka kuno mpaka ku Zomba, bondo lili pomwepo. Akatsika ankatsimphina."

Ayamba kuseka, kuseka kwasanduka chifuwa. Achemwali akuwasisita pamsana, nawonso akuseka, misozi ikutsika.

Takhala momwemo. Belu la tchalitchi lamveka kutali, lasiya. Abambo atseka maso, mutu autsamiritsa kumbuyo, utsi wa injini ukutizungulira. Palibe amene wadutsa kuti awaone.

Mawa tidzuka m'mamawa kukadikira minibasi ya kuchipatala. Achemwali alongedza kale bulangete, beseni ndi kapu.

Petulo atatha injini yazima yokha. Abambo atsegula maso, ayang'ana khoma la bafa.

"Tafika. Nditsitseni."

Tawatsitsa.