Tsiku Lomwe Ndinasita Chimbale cha Adadi

Anzanga, musayambe kuseka, dikirani ndimalize kaye. Ine cholinga changa chinali chabwino, ndipo mpaka lero ndikakhala pansi n'kuganiza ndimaona kuti sayansi yake inali yolondola ndithu, kungoti chimbalecho sichinapiteko kusukulu.

Adadi anali ndi chimbale china chakalekale, zija zakuda, zazikulu ngati chivundikiro cha poto, zoimbira pa galamafoni. Ndi cha anyamata ena a ku Britain a m'zaka za m'ma 80, oimba ndi makiyibodi okhaokha. Gitala ayi, ng'oma yeniyeni ayi, zonse zimangoti piii, pooo, tsi-tsi-tsi, ngati foni yalira pakati pa Misa. Pachikuto pali anyamata atatu atsitsi loimirira, osamwetulira ngakhale mmodzi, ngati awamana tiyi. Akuti chinali chimbale chawo choyamba, asanatchuke. Pomwe tinkasamuka ku Lilongwe kubwera kuno ku Nairobi, masutikesi onse anapita kunsi kwa ndege, koma chimenecho adadi anachinyamula pamiyendo ulendo wonse ngati khanda. Ine mwana wawo weniweni ndinangokhala pambali n'kumaonerera.

Koma chinali ndi vuto limodzi. Pa nyimbo yachitatu chinkakakamira. Singano ikafika penapake, mzungu uja ankangoti "ne-ne-ne-ne" osatha, mpaka adadi adzuke n'kukamenya mwendo wa thebulo ndi phazi, gu! Singano n'kulumpha, nyimbo n'kupitirira.

Ndiye Lolemba lina adadi abwera kuntchito nkhope ili ngwee, akuti, "Loweruka kukubwera a Gondwe, mnzanga wa ku sekondale, ali kuno kumsonkhano. Tidzamvera chimbale chathu!" Ine mtima unandipweteka. Ndinati koma zoona mlendo achoke ku Malawi konse kuja kudzamvera ne-ne-ne? Adadi adzachita manyazi bwanji? Ndipo mwamwayi, kapena nditi mwatsoka, sabata yomweyo aphunzitsi a fizikisi anali atatiuza kuti mawu a m'zimbale zotere amakhala m'timizere tating'onoting'ono, ndipo fumbi likalowamo singano imasokonezeka. Ine m'kalasi sindiyankhula, koma ndimamva zonse. Ndinati basi, yankho ndi limeneli, ndichitsuke.

Lachinayi masana ndaweruka, adadi ndi amayi adakali kuntchito, ndinachitulutsa m'chikuto mwaulemu wonse ndi manja awiri, n'kupita nacho kusinki. Madzi ofunda, sopo wotsukira ziwiya, siponji. Poyamba ndinkapukuta ndi mbali yofewa ija, koma ndinakumbukira kuti amayi amati chiwiya chotsukidwa bwino chimalira kwiii ukachisisita ndi chala. Ichi sichinkalira. Ndinatembenuza siponji, mbali yobiriwira yokhakhala ija, n'kuyamba kukwecha mozungulira, mwachikondi. Chinalira kwiii! Kapepala kapakati kaja kanayamba kufufuma n'kumasupuka, koma ndinati palibe kanthu, kakauma kabwerera.

Nanga chinthu ukatsuka umatani? Inu nonse munakulira kwathu, yankhani. Umayanika padzuwa! Nyumba yathu ku Madaraka ndi yam'mwamba, thandala kulibe, ndiye ndinachiika pa thireyi yachitsulo n'kukachiyanika pakhonde, pomwe dzuwa limamenya bwino. Ndinalowa m'nyumba kukalemba homuweki ndili wonyadira, mpaka ndinkadziona ndikulandira mphoto.

Patatha ola ndinatuluka. Mayo ine! Chimbale chija chinali chitapindika, mbali iyi chakwera, mbali iyo chatsika, ngati chapati yoiwalika pachiwaya. Ndinachiyang'ana, nachonso chinkandiyang'ana ndi kadiso kake kapakati kaja.

Apa munthu wanzeru akanaima n'kudikira makolo ake. Koma ine ndinakumbukiranso fizikisi. Ndinati chachipinda ndi kutentha, ndiye chochiwongolanso ndi kutentha komweko. Kodi pamenepa ndinalakwitsa pati? Malaya akakwinyika timatani? Ndinalumikiza simbi. Ndipo musaganize kuti ndinali wopusa kwambiri, ndinadziwa kuti simbi isakhudze chimbale mwachindunji, ndiye ndinatenga chitenje choyamba chomwe ndinachipeza m'kabati ya amayi n'kuyala pamwamba. Ndinasita kamodzi, kawiri. Kachitatu kunamveka fungo ngati akuwotcha matayala pamsewu. Nditati ndichotse chitenje, chimbale chinabwera nacho limodzi. Zinali zitakwatirana, osasiyananso.

Ndinazikulunga zonse n'kukankhira kunsi kwa bedi langa, chikuto chopanda kanthu n'kuchibwezera pashelefu. Tsiku limenelo amayi anandifunsa katatu ngati ndikudwala malungo.

Lachisanu nditaweruka ndinakwera matatu, minibasi ya kuno, kupita kumsika wina komwe ndinamvapo kuti kuli mkulu wogulitsa zimbale zakale. Inu mukundidziwa, ine kugula tomato kokha ndimayamba ndayeserera mawu panjira. Ndinazungulira kasitolo kake kanayi ndisanalowe. Ndi mdala waimvi, wamagalasi, wakhala pakati pa milu ya zimbale.

"Sema, msichana," anatero.

Chiswahili changa chonse chinathawa. Ndinangomuonetsa chithunzi cha chikuto pafoni. Mdala uja anadzuka pampando, tinapitiriza m'Chingerezi.

"Choyamba chenicheni ichi! Mwana wanga, ine chimenechi ndachigwirapo kawiri kokha chiyambire ntchitoyi. Muli nacho kunyumba?"

"Tinali nacho."

"Munali nacho? Chapita kuti?"

"Ndinachisita."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. "Pole," anatero motsitsa mawu, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ankapepesa ine kapena chimbalecho.

Kenako anandiphunzitsa zomwe aphunzitsi a fizikisi sanatiuze. Akuti chimbale chimodzi chomwecho chimabadwa kangapo. Chija choyamba chitatha, anadzachitulutsanso pa sidi n'kuwonjezeramo nyimbo zina zomwe poyamba anazisiya. Kenako anthu atayambiranso kukonda magalamafoni, anachidindanso chachikulu, china chofiira, china chakuda, mawu ake atawakonza, phokoso lonse atalichotsa. Ine ndinangomva mawu awiri, chakuda ndi chachikulu. Ndalama zomwe ndinkasunga zogulira nsapato zinathera pomwepo. Ndikutuluka anandiitana, akuti, "Ichi usachisite." Anthu a m'masitolo oyandikana nawo anatembenuka onse kundiyang'ana.

Kunyumba ndinachilowetsa chatsopanocho m'chikuto chakale chija. Ndinapuma. Ndinayambanso kudzimva wanzeru, tangoganizani! Ndinati adadi apeza chimbale chosakakamira, mlendo asangalala, nkhani yatha.

Loweruka masana a Gondwe anafika, bambo wamfupi, wadazi, woseka ndi thupi lonse. Amayi anaitananso bambo ndi mayi Banda a kutchalitchi kwathu. Titadya, adadi anatenga chikuto chija, n'kusolola chimbale, n'kuchiyeza m'manja.

"Koma chalemera bwanji lero?"

"Mwakalamba, bambo a Tadala," anatero amayi. Ndikanatha kuwakumbatira.

Nyimbo yoyamba inayamba, mawu ali mbee. Adadi anakwinya nkhope pang'ono, koma a Gondwe anati, "Galamafoni yabwino iyi, achimwene! Ija ya kusukulu inkamveka ngati tikukazinga chimanga." Ine ndili pakona ndi thireyi ya makapu, ndikupemphera chamumtima.

Yachiwiri ili mkati, a Gondwe anatembenukira kwa a Banda. "Tsopano mumve yachitatuyi. Pali malo ena imakakamira. Amene anapakanda pamenepo ndi ine amene mukundiona pano! Tinkavina ku hositelo, ine n'kuterereka n'kugwera pathebulo. Munthu uyu sanandiyankhule teremu yonse. Mpaka lero akandiimbira foni sati moni, amayamba ndi ne-ne-ne."

"Ndiye chifukwa chake ndachisunga zaka zonsezi," anatero adadi akuseka. "Ndi umboni wa mlandu wako."

Anzanga, makapu anayamba kulira okha pathireyi. Kutanthauza kuti ne-ne-ne uja, amene ine ndinamutsuka, kumuyanika ndi kumusita, ndi amene mlendo anabwera kudzamvera?

Yachitatu inayamba. Azibambo awiri akuluakulu, wina bwana kuofesi, wina wabwera kumsonkhano wa mayiko, anadzuka n'kukaima uyu mbali iyi ya thebulo, uyu mbali iyo. Akuimba motsatira, mapewa akugwedera. Malo aja atayandikira, aliyense anakweza mwendo umodzi kukonzekera kumenya, ndipo onse pamodzi anakuwa, "Ne-ne-ne-ne!"

Mzungu uja sanawadikire. Anangodutsa bwinobwino, n'kuimba mzere wonse womwe anthu awiriwa anali asanaumvepo kwa zaka zoposa makumi atatu.

Anatsala chiimire, miyendo ili m'mwamba ngati atambala. Kenako adadi anati chapansipansi, "Gondwe, chachira."

"Ambuye ndi abwino!" anatero mayi Banda, akukweza manja.

Koma adadi si munthu wokhulupirira zozizwitsa msanga. Anachotsa singano, ananyamula chimbale kupita nacho pawindo, n'kuyamba kuwerenga timalemba tating'ono ta pa kapepala kapakati. Chaka chomwe chinalembedwa pamenepo, ine ndinali nditabadwa kale, ndikuyenda, mwinanso ndikutsuka ziwiya.

"Tadala."

Sanakweze mawu. Bola akanakuwa. Ndinaika thireyi pansi, ndinapita kuchipinda, ndinagwada, ndinasolola mtolo uja n'kubwera nawo pamaso pa anthu onse. Ndinaupereka ndi manja awiri nditagwada, ngati mphatso.

"Chitenje changa cha paukwati wa mng'ono wanga!" anakuwa amayi.

Adadi anangochigwira chinthu chija, chopindika, maluwa achikasu atamatirira mbali imodzi. Anachisisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali. Apa nokha mukudziwa, kuseka kunalibe. Ndinafotokoza zonse ndikulira, sopo, dzuwa, simbi, fizikisi, mdala wa kumsika. Nditafika pa simbi, a Gondwe anatulutsa kamawu kena ngati tayala likuphwa. Anayesa kudzigwira pakamwa, zinakanika. Anagwera pasofa, misozi ili chuchuchu.

"Achimwene! Ine kamzere kamodzi kokha, kamodzi, zaka zoposa makumi atatu ndikuzunzika! Mwana wanu wachichapa, wachiyanika, wachisita! Kunangotsala kuchipinda n'kuchiika m'sutikesi!" Anadzuka n'kudzandigwira chanza ndi manja awiri. "Mayi, mwandimasula. Mlandu wanga watha lero."

Adadi anandiyang'ana. "Unkafuna chiyani kwenikweni, mwana iwe?"

"Ndimafuna musachite manyazi pamaso pa alendo."

Anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana kudenga, ndipo ndinaona kuti pakamwa pawo pakugwedera. "Chabwino. Wandichotsa manyazi, zikomo. Koma nyimbo iyi yopanda ne-ne-ne ine sindikuidziwa. Unamuchotsa ndiwe, umubwezeretse ndiwe. Ima apa."

Ndinkaganiza kuti akuseka. Sankaseka. Anabwezera singano kumayambiriro kwa nyimbo yachitatu, ndipo malo aja atafika anainyamula m'mwamba, maso onse pa ine. Ine amene kusukulu ndikaitanidwa dzina ndimayankha ndi mutu. Ndinatsegula pakamwa, kamawu kanatuluka ngati ka mwana wa mbuzi, "Ne-ne-ne-ne."

"Mokweza!" anatero a Gondwe. "Mzungu uja ankakakamira ndi mtima wonse!"

"NE-NE-NE-NE!"

Gu! Onse awiri anamenya thebulo, adadi anatsitsa singano, nyimbo inapitirira, mayi Banda akuimba nthungululu. Anandibwerezetsa kanayi. A Gondwe anajambula pafoni, akuti akaonetse anzawo a kusukulu, ndiye ngati mwalandira kavidiyo ka mtsikana akulira ngati mbuzi pafupi ndi galamafoni, chonde musatumizenso kwina.

Panopa kukabwera mlendo aliyense wochokera kumudzi, ndimangomva, "Tadala, nyimbo yachitatu yayandikira!" Ndiye ndalumbira, anzanga. Chinthu cha adadi ngakhale chikhale ndi fumbi lofika m'mawondo, ngakhale chizilira ngati chikufa, ine ndizingochipatsa moni n'kudutsa. Ndipo aphunzitsi a fizikisi akadzayamba mutu wa magetsi, ndawauza kale amayi kuti abise wailesi.