Mmene ndinawaletsera mazira atsibweni anga

Pa banja pathu wodziwa Chizungu amati ndine, poti ndimathandiza madalaivala a mathiraki kuolotsa katundu pa boda ya Mchinji. Ndiye atsibweni anga a ku Kapondo, amene anakalambira m'maesiteti a fodya, atawapeza ndi khansa ya m'mapapo, abale anati wowaperekeza ku chipatala ku Lilongwe ndikhale ine, ndikamve bwino zonena adokotala.

Adokotalawo, mayi wachichepere ndithu, anayamba kufotokoza m'Chichewa, koma ine ndi matama anga ndinawayankha m'Chingerezi, iwonso n'kutembenukira komweko. Apo ndiye ndinasochera, anzanga. Ndinangotolapo mawu akuti growth factors, zinthu zokulitsa, akuti ndi zimene zikuchulukitsa maselo a khansawo. Atandifunsa ngati ndamva, ndinagwedeza mutu ngati mnzawo wa ntchito. Ndikanafunsa bwanji, tayi ali pakhosi?

Titafika kumudzi ndinasonkhanitsa abale n'kulengeza kuti chilichonse chokulitsa thupi n'choletsedwa. Mazira ayi, chiponde ayi, phala la soya ayi. Mandasi ndinaletsanso chifukwa cha yisiti, nanga si amafufumitsa? Matumba a feteleza ndinawatulutsa m'nyumba ndekha, mvula n'kuwanyowetsa. Akazi a atsibweniwo atadandaula kuti munthu akutha, ndinati, "Azakhali, ikuondayo ndi khansa, osati iwowa."

Tsiku lobwerera ku chipatala, atsibweni atakwera pa sikelo, adokotala anakwinya nkhope.

"Bambo, mukumadya koma?"

"Masamba owiritsa, adokotala. Zokulitsa zija munaletsa, anatero mphwangayu."

Adokotala anandiyang'ana kaye, kenako anafotokoza pang'onopang'ono m'Chichewa, ngati akuphunzitsa mwana wa sitandade wani. Anati zokulitsazo si chakudya, ndi timithenga timene thupi limapanga lokha, timakagogoda pa selo kuliuza kuti ligawikane, monga zimachitikira bala likamapola. Maselo a khansa ya m'mapapo amamva uthengawo mopitirira muyeso, ena amadzitumizira okha, ena chitseko chawo chinawonongeka moti amangochulukana ngakhale palibe wagogoda. Kwa odwala ena alipo mankhwala otsekereza uthengawo, koma chithandizo chilichonse chimafuna munthu wodya bwino.

"Ndiye mazira alibe mlandu?" anafunsa atsibweni.

"Alibe, bambo. Muzidya."

Atsibweni anakhosomola, n'kundiloza ndi ndodo yawo, anamwino ndi odwala ena ali pomwepo.

"Adokotala, khansayi muilembe yachiwiri. Amene anatsala pang'ono kundipha ndi uyu. Iyeyu mankhwala ake alipo?"

Anthu anaseka, mpaka agogo ena amene anali pa diripi. Ine thukuta kamukamu, pobisala palibe.

M'minibasi pobwerera ndinawagulira mazira owiritsa pa Namitete, iwo akusenda, akudya, uku akuuza aliyense wokwera nkhani yanga, kondakitala n'kumanditchula kuti adokotala mpaka pa Boma ku Mchinji. Ndinalumbira mumtima kuti ku chipatala ndikapanda kumva ndizifunsa, ngakhale andione ngati mbuli, ndipo za m'mapapo mwa munthu sindidzamasuliranso. Ine zanga ndi mathiraki basi.