A Tepisi ndi Njinga za Paukwati

Zinayamba m'chaka cha 1994, nyengo yozizira, Lachiwiri pa 14 Juni, tsiku limene a Lameki Nampinga anafika pakhomo panga akuvina. Sindikukokomeza. Bambo amenewa sankadziwa kuyenda ngati anthu ena onse. Kuchokera pamsika wa pa Boma la Mchinji kukafika kuchipatala ankaponda katatu kutsogolo, kamodzi cham'mbali, n'kutembenuka, moti wowatuma mankhwala ankayamba watsanzikana ndi wodwala wake.

Kwawo kunali ku Phalombe. Kwa zaka makumi awiri anagwira ntchito yoperekera zakudya m'nyumba ya mzungu wa esiteti ina ya fodya cha ku Kachebere. Pa Khirisimasi azungu akamavina awiriawiri, iwo ankasuzumira pachitseko mbale zili m'manja, ndipo m'mawa mwake ankabwereza zonsezo kukhitchini atakumbatira mpando. Mzunguyo atagulitsa esiteti anawasiyira nsapato zoyera, wailesi ya kaseti ndi mpando womwewo.

Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale, ndipo dikishonale yanga inali yaikulu kuposa ina iliyonse pa Boma. N'chimene anadzera.

"Ahedi," anatero, "ndayamba kuphunzitsa akwati ndi operekeza awo kalowedwe ka muholo. Ndikufuna dzina la ntchito imeneyi m'Chingerezi."

"Lembani kuti dansa."

"Dansa ndi wa m'mabala. Ndipatseni mawu oti munthu akawawerenga avule chipewa."

Ndinafufuza mpaka ndinapeza mawu akuti terpsichorean. Amatanthauza chilichonse chokhudza kuvina, kapenanso munthu wovinayo, ndipo anachokera ku dzina la mulungu wamkazi wa magule wa Agiriki akale. Zimenezi ndinawawerengera. Chimene ndinadumpha ndi kamzere kakang'ono konena kuti eni chiyankhulo amakonda kuwatchula akafuna kuseketsa anzawo. Nanenso ndinkafuna nkhani yokasekera ndi aphunzitsi anzanga pa nthawi ya tiyi.

"Ali ndi zilembo zingati?" anafunsa.

"Khumi ndi zitatu."

"Andikwana. A DC ali nazo ziwiri zokha."

Mwana wanga Esitere, amene anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ankasesa pakhonde. A Lameki anamuloza ndi chipewa.

"Chothokozera ndilibe, ahedi. Koma mwana uyu akadzakwatiwa, muholo ndidzamulowetsa ndine. Mwavomera?"

Ndinavomera, mwanayo akumva.

Mawu aja anakawalembetsa pathabwa n'kulimangirira kumbuyo kwa njinga yawo. Thabwalo linatalika mpaka kutuluka mbali zonse ziwiri, ndipo akamadutsa pamsika amayi ankakumbatira milu yawo ya tomato. Palibe anatha kutchula mawuwo mpaka kumapeto. Anthu ankafika pakati n'kutopa, choncho Mchinji yonse inangowatcha a Tepisi. Eni ake ankawaika paliponse. Nkhuku yoyenda monyada ankati ndi ya terpsichorean. Mwendo wamanzere wa abusa athu ankati suli wa terpsichorean ngakhale pang'ono, ndipo ufunika mapemphero.

Loweruka pa 8 Malichi 1997 anaitanidwa ku ukwati wa ku Chipata. Pa chipata cha m'malire, pofunsidwa ntchito yawo pafomu, analemba mawu awo onse mpaka kulowerera pamzere wotsatira. Bwana wodinda mapasipoti anayang'ana fomuyo nthawi yaitali.

"Madala, amenewa ndi matenda kapena ntchito?"

"Ntchito, bwana. Tasunthani tebulo."

Anatenga mpando wa bwanayo n'kuzungulira nawo ofesi yonse. Mayi wina wogulitsa zitenje anaika katundu wake pansi n'kunena kuti mpando wavina mokwanira, tsopano ndi nthawi yake. Akuti tsiku limenelo mzere wa malole unafika mpaka pa Boma, ndipo palibe dalaivala anaimba huta.

Koma ntchito ankaidziwa, ndiyenera kunena. Ankaphunzitsira pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa holo ya tchalitchi, kandodo kali m'manja. Mkwati wina, wapolisi wa thupi ngati nkhokwe, ankakoka mkazi wake padzanja ndi mphamvu.

"Achimwene, simukuthamangitsa wakuba ayi," anatero a Tepisi. "Ameneyu mwamugwira kale. Muyendetseni ngati mazira."

M'kabuku kanga ndinalemba maukwati 112 amene iwo analowetsa muholo pakati pa 1994 ndi 2003. Atsikana a m'maesiteti amene anali asanavalepo nsapato zazitali ankalowa ngati anabadwa nazo. Ndipo tikakumana panjira funso linali limodzi.

"Ahedi, mwana uja wapeza munthu? Masitepe ake ndikusunga. Sindinaphunzitse wina aliyense."

Munthuyo anapezeka mu 2003: Fanuel, wogwira ntchito kubanki ku Lilongwe. Mayi ake anabwera pagalimoto kudzakambirana za ukwati, atavala magalasi akuda ndi ndolo zolemera. Tili pamsewu wa kumsika, a Tepisi anatidutsa akutembenuka ndi thumba la matemba m'manja.

"Kodi wamisala ameneyu alibe abale?" anafunsa mayiwo.

Ndinangoseka nawo. Atanena kuti adzabweretsa gulu la ku Lilongwe lophunzitsa masitepe amakono, lokhala ndi kamera ya vidiyo, ndinayankha kuti n'zimene nanenso ndinkaganiza.

Kwathu kuno munthu wamkulu sitimukana pamaso. Timamupatsa udindo wina. Lamulungu pa 6 Julayi, pa msonkhano wa komiti ya ukwati, ndinapereka ganizo loti a Nampinga akhale wapampando wa komiti yoyang'anira njinga za alendo. Komitiyo inali ya munthu mmodzi. Onse anawomba m'manja, ndipo kalata ndinailemba ndekha m'Chingerezi chabwino.

"Amayi, munalonjeza," anatero Esitere.

"Udzamvetsa ukadzakula."

"Ndakula kale. N'chifukwa chake ndikukwatiwa."

A Tepisi anabwera ndi kalatayo atapinda bwino.

"Ndiye kuti ndidzayamba ndalowetsa mwana, kenako n'kutulukira ku njinga?"

"Njinga zimafika msanga, a Nampinga. Ndipo akuba ndi ambiri masiku ano."

Anabweza kalatayo m'thumba.

"Chabwino, ahedi. Njinga nazonso ndi za ukwati."

Loweruka pa 30 Ogasiti anafika asanafike wina aliyense, atavala suti ndi nsapato zoyera zija. Anamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri, ndipo njinga iliyonse ankaimangirira kapepala ka nambala. Anazindandalika ziwiriziwiri, yachimuna ndi yachikazi, ngati zikudikira nyimbo.

Ndikanakonda kukuuzani kuti a ku Lilongwe analephera, kuti kaseti yawo inadyeka, tonse n'kuthamangira kunja kukapepesa. Ayi. Zonse zinayenda bwino kwambiri. Anthu anaimirira pamipando, amayi anaimba nthungululu, ndipo palibe anafunsa za a Tepisi. Alendo atabalalika, dzuwa likupendeka, anandipeza pakhomo la holo.

"Ahedi, njinga 74 zinalowa, 74 zatuluka. Ina inalibe mpweya, ndaipopa."

Ndinawapatsa mpunga ndi nyama m'mbale ya pulasitiki. Anathokoza ndi manja awiri.

Chimene sindinaganizire n'chakuti zimene wachita mphunzitsi wamkulu, Boma lonse limatsanzira. Ukwati wotsatira, wa mwana wa anamwino, unaitananso a ku Lilongwe, ndipo a Tepisi unawapatsa njinga. Wa akalaliki a kukhoti chimodzimodzi. Pasanathe chaka, ngakhale a m'midzi ya kwa Zulu ankati akufuna ukwati wonga wa kwa ahedi, wa vidiyo mkati ndi a Tepisi kunja. Anatchuka kuti ndi mlonda wosatayitsa ngakhale belu. Thabwa lija linachoka panjinga yawo. Tsiku lina ndinawaona akudutsa pamsika molunjika, manja kumbuyo, ndipo ndinalowa m'golosale kukagula machesi amene sindinkawafuna.

Nditamva kuti akubwerera ku Phalombe kwa mlongo wawo, ndinapita kudepoti nditakonza mawu opepesa. Ndinawapeza atakhala kale mu minibasi ya ku Lilongwe, mpando wawo uja utamangidwa padenga miyendo kumwamba.

"Ahedi, mwachita bwino kubwera," anatero pazenera. "Pali chimene ndakhala ndikufuna kufunsa. Tsiku lija nyimbo ndinkaimva, koma zenera linali pamwamba. Mwana uja analowa bwanji? Anadzutsa mutu? Anathamanga, kapena anadikira nyimbo?"

Pamene Esitere ankalowa muholo, ine maso anga anali pa nkhope ya mayi ake a Fanuel, kuona ngati akhutira.

"Analowa bwino," ndinatero.

"Bwino bwanji?"

Kondakitala anamenya chitseko, minibasi n'kunyamuka. Mawu anga opepesa ndinabwerera nawo kunyumba. Uthenga wa maliro awo unatipeza chaka chotsatira, atawaika kale.

Maukwati akuchitikabe pa Boma, ndipo amakongola. Koma onse amafanana ngati mabuledi a m'chikombole chimodzi. Pansi pa mango paja tsopano pamakhala okonza nsapato, ndipo Loweruka msewu wa kumsika umangodzaza anthu amene akuthamangira kumene akupita. Ine ndikaitanidwa ku ukwati ndimakhala pafupi ndi khomo n'kuyang'anitsitsa mkwatibwi kuyambira sitepe yoyamba, ngakhale kuti wondifunsa kulibe.

A Lameki Nampinga anachoka ku Mchinji Lachinayi pa 19 Okutobala 2006, nthawi ili cha m'ma 9 koloko m'mawa.