Nkhono ya Amalume Yanditengera ku Mzuzu

Amene akuti Tusekile ndi wabodza abwere aone chala changachi, chikadali chotupa ngati chinangwa! Ndasankhidwa ine! Malo opita ku mpikisano wa sayansi ku Mzuzu anali a munthu mmodzi, ndipo kalasi yonse inkadziwa kuti atenga ndi Lusubilo, uja amayatsa babu ndi mandimu.

Ine ndinali ndi nkhono basi. Amalume, amene amayendetsa thiraki ya ku Dar, anabwera nayo kuchokera kunyanja yamchere, yamawangamawanga, yosongoka kumodzi, ndipo Madamu athu a sayansi anati mtundu umenewu uli ndi dzino longa mkondo, umalasa nsomba ndi ululu n'kuimeza yathunthu.

Ndiye ndinaiika m'beseni, n'kukhuthuliramo mchere wonse wa amayi, ndipo, mukumva, inatsokomola, n'kulasa usipa wouma umene ndinaponyamo, usipawo unadzuka n'kufanso kachiwiri, mkondo osaima, unaboola beseni, unaboola thumba la mpunga wa ku Kaporo, mpungawo n'kupsa wokha ndi ukali wa ululu, mpaka mkondowo unakaphulitsa tayala la wakabaza kumsika, kapena linali la minibasi, sindikukumbuka bwino, koma anthu anatsika. Nadi!

Lachisanu, tsiku losankha, babu la Lusubilo linayaka, anthu m'manja phuphuphu. Ine ndaima kutsogolo, nkhono m'manja.

"Tusekile, tikudikira," anatero Madamu.

Ndinapisa chala kuti ndisonyeze potulukira dzino, mayo ine, yandilasa! Ndinafa kwa mphindi ziwiri, mwina zitatu, ena akuti ndinangokhala pansi, koma ndili chifere choncho ndinafotokoza zonse, kuti ululu walowa apa, wafika pachigongono, dzanja lachita dzanzi, nsomba imamva chonchi, n'chifukwa chake siithawa, mpaka Chingerezi chimene sindinachiphunzire chinkatuluka chokha, anyamata akuthawira pazenera, mukumva?

Madamu anati chiyambire kuphunzitsa sanaonepo mwana akufotokoza ululu momveka chotero. Analemba dzina langa. Langa!

Chimene sindikumvetsa n'chimodzi. Madamu atagwedeza nkhonoyo, munagwa kadothi kouma, kenako munatuluka mavu awiri. Lusubilo akuti nkhono mwini wake anafera ku Dar kalekale, ichi n'chigoba chabe, anandiluma ndi mavuwo. Kaya. Mwina limodzi mwa mavuwo linathandizako pang'ono. Koma papepala la ku Mzuzu sanalembepo mavu. Alemba Tusekile.